Chingwe cha a Laimu

Ana a pasukulu pathu anawapatsa dzina loti a Laimu, chifukwa buluku lawo silinkasowa madontho oyera. Ndi mmisiri womanga nyumba, koma Lachisanu lililonse ankaweruka msanga n'kubwera ndi chingwe ndi ndowa ya laimu kudzajambula mizere pabwalo la mpira wamanja, popanda wowatuma. Mwana wawo wamkazi ndiye ankaponya zigoli mu timu yathu. Akagoletsa, bambowo ankakuwa mpaka agalu a kuseri kwa mpanda ankayankhira.

Ine, mphunzitsi wa masamu, ankandikwiyitsa. Kumsonkhano wa makolo sankaoneka, makalata anga sankayankha. Mumtima ndinkati awa akaona mwana amangoona manja ndi miyendo basi.

Mtsikanayo atalephera masamu kachiwiri, ahedi analamula kuti akalepheranso atuluke mu timu. Ndinawalondola bambowo kubwalo komweko, nditakonzeka kuwasambitsa chokweza.

"Bambo, kukuwa mumatha. Nanga kope lake munalitsegulapo?"

Anaika ndowa pansi. "Ndimalitsegula, aphunzitsi. Koma limangondiyang'ana, inenso n'kumaliyang'ana. Kuno kubwalo ndiye ndimadziwa pamene mwana wanga wakhoza."

Manyazi anandigwira.

"Chikumuvuta n'chiyani kwenikweni?" anafunsa.

"Miyezo. Mulitali, mulifupi, kukula kwa malo."

"A-a! Zomwezo? Si ntchito yanga imeneyo?"

Kuyambira sabata imeneyo, chingwe ankagwira ndi mtsikanayo. Ndinkawaonera pawindo la kalasi: iye akuyeza, bambo ake akufunsa kuti bwalo lonse lingadye njerwa zingati, akaphonya n'kumuyambitsanso pakona. Tsiku lina anamufufutitsa mzere wonse chifukwa unakhota ndi chala chimodzi. Analira, koma anaujambulanso.

Mayeso atatha, a Laimu anabwera kumsonkhano wa makolo koyamba, atavala buluku lomwe lija. Anakhala kumbuyo, pakampando ka ana, mawondo ali m'mwamba. Nditawapatsa pepala la zotsatira, anandibwezera ndi manja awiri.

"Ndiwerengereni, aphunzitsi. Mokweza."

Ndinawerenga kuti mwana wawo wakhoza masamu, ndipo mu timu akhalabe. Anakuwa mmene amakuwira kubwalo, mpaka ahedi anagwetsa cholembera. Palibe anawaletsa. Woyamba kuwomba m'manja ndinali ine.