Nyimbo Yachisanu Inali ndi Vesi Ina

Achimwene, lero ndaseka ndekha m'basi ya ku Woolwich! Mwana wanga wanditumizira uthenga kuti oimba ena adzaimba chimbale chawo chonse pasiteji, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, ati ndi fashoni yatsopano. Yatsopano chiyani? Ife tinazionera kale m'zaka za m'ma 90, muholo ya tchalitchi ku Tottenham, Loweruka masana. Mukukumbuka kaseti ija munabwera nayo kuchokera ku Zomba, yojambulira pa ya mnzanu? Tepi inathera pakati pa nyimbo yachisanu, pomwe ng'oma zimapumira, ndiye zaka zonsezo tinkaganiza kuti nyimboyo imathera pomwepo. Gulu loimba la pakasetiyo litabwera kuno kunja, linalengeza kuti liimba chimbale chonse motsatana. Itafika yachisanu, pamalo paja inu munadzambatuka n'kuyamba kuwomba m'manja nokhanokha, oimba akupitiriza! Anthu onse cheu. Munandigwira paphewa n'kukuwa kuti, "Iwe, kodi ili ndi vesi ina?" Ndiye munaivina vesi imeneyo jekete ili m'manja, thukuta kamukamu, mpaka amayi a kutsogolo kwathu anakuimbirani nthungululu.

Kaseti ija ndikadali nayo, ngakhale wailesi yoikamo ndilibe. Nyimboyo tsopano ndimaimvera yonse pafoni, koma ikafika paja inkadukira ndimaimitsa kaye, ndiwombe m'manja ngati inu. Inunso munadukira pakati, achimwene. Vesi yotsalayo ndikukuvinirani ndine. Usani mumtendere.