Kampira Kosagwa ka a Ndilipo

Achimwene anga anthu amawatchula kuti a Ndilipo, ndipo dzinali analiputa okha. Ukawauza kuti wailesi yasiya kulankhula, yankho lawo ndi lakuti, "Ndilipo." Ukati ketulo ikugwira shoko, "Ndilipo." Tsiku lina mayi wina ankadandaulira mnzake pamsewu kuti mwamuna wake masiku ano sagona pakhomo. Achimwene, osamva n'komwe mutu wa nkhani, anasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Ndilipo, mayi!" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo dzina linakhazikika.

Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, kodzaza ndi mafani othyoka mapiko, mawailesi ong'ambidwa mimba, ndi zitini za masikuluwu zimene palibe amaloledwa kuzikhudza. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndimasoka zovala pakhonde la shopu yomweyo, choncho moyo wawo ndauonera pafupi kuposa mmene ndikanafunira. Ndi munthu wabwino, zimenezo sindingakane. Koma ubwino wawo ndi uja woti ukakugwera umayamba kuyang'anayang'ana khomo lothawira.

Alamu anga, akazi a achimwene, anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo asanayambe sukulu. Achimwene, amene anazolowera kuti chinthu chikafa amachitsegula n'kuchidzutsa, anabwerako kuchipatala manja ali m'khosi. Sanalire pagulu. Anangomunyamula mwanayo, ndipo kunena zoona sanamutsitsenso. Anthu a mumsewu mwathu anamupatsa mtsikanayo dzina loti Kadzira, chifukwa cha mmene bambo ake ankamugwirira.

Kadzira sanapunthwepo chala ali mwana. Ngodya zonse za tebulo kunyumba zinakulungidwa ndi mphira wa chubu. Homuweki ankamulembera ndi bambo ake, ndi dzanja lamanzere kuti zilembo zioneke zachibwana, ndipo aphunzitsi ankadabwa kuti mwana wokhoza samu chonchi kunyumba amasowa pogwira akafika m'kalasi. Pa mpikisano wothamanga wa kusukulu, achimwene anathamanga m'mbali mwa bwalo atanyamula botolo la madzi ndi thaulo, n'kufika kumapeto mwana wawo asanafike. Ine ndinkawauza kuti, "Achimwene, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemereni, imufotere m'manja." Iwo anandiyankha kuti ndikulankhula choncho chifukwa ana anga alipo ambiri, wina akagwa ena atsala. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, ndipo ndinakhala osawalankhula mpaka tsiku limene makina anga osokera anayamba kudumphitsa ulusi.

Mtsikana anakula, wanzeru ndithu, kungoti nzeruzo sankapatsidwa mpata wozigwiritsa ntchito. Atalembedwa ntchito pasitolo yogulitsa mankhwala, bambo ake ankapita kukafunsa abwana ngati akumupatsa nthawi yokwanira yopuma. Zonsezo anapirira. Koma nkhani ya chibwenzi ndiyo inamufika pakhosi. Kadzira anayambana ndi mwamuna amene ankafuna kumukwatira, n'kumuuza kuti basi zatha, ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Achimwene atamuona mwana wawo akulira, anavala jekete n'kupita mwakachetechete kwa mwamunayo kukapepesa m'malo mwake. Anakamuuza kuti mwana walapa, kungoti ali ndi manyazi. Mawa lake mkulu uja anatulukira kuntchito kwa Kadzira akumwetulira, n'kulengeza pamaso pa makasitomala kuti wamukhululukira.

Sabata yomweyo Kadzira analongedza zovala n'kukapeza kachipinda mbali ina ya tauni. Sanatukwane, sanamenyetse chitseko. Anangoti, "Adadi, ndatopa." Foni ya bambo ake anasiya kuyankha. Yanga ankayankha, koma ndikangotchula bambo ake, netiweki inkavuta mwadzidzidzi. Achimwene anaonda mpaka lamba kumuboola bowo lina. Ankakhala pampando wawo atagwira sikuludiraiva, maso ali kumsewu, ndipo basi iliyonse ikaima ankadzuka pang'ono n'kukhalanso. Chimene ankafuna pa dziko lonse chinali chimodzi, kuti mwana wawo apondenso pakhomo.

Ndiye kunabwera makina aja. Kumapeto kwa msewu wathu, pafupi ndi pokwerera mabasi, kunali lesitilanti yakale imene inkatsekedwa chifukwa mwini wake anali atakalamba. Kuseri kwake, pansi pa mipando yothyoka, kunapezeka makina a pinibolo. Kwa inu amene simunawaonepo, ndi bokosi lalitali la miyendo inayi, lopendekeka pang'ono, lagalasi pamwamba. Umakoka kachitsulo ka sipuling'i, kampira kachitsulo n'kuthamangira kumtunda, kenako kamatsika kakugunda timitu ta mphira, mabelu akulira, manambala akukwera. Kumunsi kuli timikono tiwiri timene umatitukula podina mabatani a m'mbali kuti kampirako kabwerere kumtunda. Pakati pa timikonoto pali mpata. Kampira kakadutsa pamenepo kagwa, ndipo masewera ako athera pompo.

Kadzira ali wamng'ono, mayi ake atangomwalira kumene, ankasewera makina amenewa ataima pa kireti ya mabotolo. Ine ndimakumbukira kuti kampira kakagwa ankapondaponda pa kiretiyo n'kukuwa kuti, "Kenanso!" Achimwene amakumbukira kuti ankalira. Tonse tinalipo, koma aliyense anaona zake.

Achimwene anabwera ndi makinawo pa ngolo yokankha, thukuta lili kamukamu. Mkati munali chisa cha makoswe, mawaya odyedwa, ndi mphira wouma woti ukaukhudza unkangofumbutuka. Galasi linali long'aluka, mwendo umodzi wopindika. Ndinawafunsa ngati nkhuni zayamba kusowa kunyumba.

"Chemwali, mwana akadzamva za awa, abwera," anatero achimwene.

Anandimvetsa chisoni moti chipongwe china chimene chinali kale pamlomo ndinachimeza.

Apa ndiye ndiwayamikire, chifukwa manja a achimwene ndi ena. Anamasula chilichonse n'kuchiyala pa nyuzipepala, chachikulu uku, chaching'ono uku. Makoyilo opsa anawakulunganso ndi waya wochokera m'mafani akufa, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Timphira tatsopano anadula pa chubu cha galimoto. Thabwa loyendapo kampira analipala ndi sandipepala n'kulipaka vanishi mpaka munthu kumadziona nkhope. Kampira kadzimbiri kaja anakapukuta ndi mankhwala otsukira mano mpaka kanayamba kuthobwa m'maso. Mwendo wopindika anapita nawo kwa owotcherera zitsulo, n'kuima pomwepo kuwalangiza mmene angagwirire ntchito yawo yomwe. Nthawi yonseyi makasitomala ankabwerera ndi mawailesi awo osakonzedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anamva a Ndilipo akunena kuti, "Mubwere mawa."

Kukonza kutatha kunayamba kukongoletsa, ndipo apa m'pamene nzeru zinayamba kusefukira. Pachikwangwani cha kumutu kwa makinawo panali chithunzi cha mkazi wovala zosambira atakwera roketi. Achimwene anati mwana wawo sangaone zimenezo, ngakhale kuti anali atazionera kale ali pa kireti. Anaitana mkulu wolemba zikwangwani kuti afute mkaziyo n'kujambulapo msewu wathu. Panaoneka shopu, khonde, ine ndili pamakina osokera, ndi Kadzira ali pakati atavala yunifolomu ya kuntchito. Ine anandinenepetsa masaya, ndipo mpaka lero sindinamukhululukire. Belu limodzi linali litasowa, achimwene anaikapo la njinga. Timababu anazula m'mawailesi akale, n'kutilumikiza mwakuti kampira kakagunda kamutu kapakati, nkhope ya Kadzira izikhala ikuwala.

Kenako m'mawa wina ndinawapeza atachotsa galasi, akuboola timabowo kumunsi kwa thabwa. Tinjira tiwiri ta m'mbali timene kampira kamatha kuzemberamo anali atatitseka ndi timatabwa. Pakati pa timikono tija anamangapo kachitsulo kopingasa, kodula ku sipoko ya njinga, atakaveka mphira bwinobwino kuti kaoneke ngati kanabwera ndi makinawo.

"Achimwene, chimenecho n'chiyani?" ndinafunsa.

"Ndakonza vuto lomaliza."

"Vuto lake liti?"

"Mpatawu. Amene anapanga makinawa analibe mwana. Munthu ukusangalala bwinobwino, basi mpira wagwa. Za chiyani zimenezo?"

"Koma masewera ake ndi omwewo, achimwene."

"Iwe kasoke madiresi," anatero, n'kupitiriza kumanga.

Woyamba kuyesa anali wometa wa shopu yoyandikana nafe. Anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, akuti angolawa pang'ono. Poyamba ankakuwa ndi chimwemwe, akudzitama kuti dzanja lake lakale likadalipo. Manambala anakwera mpaka anatha n'kuyambiranso. Kenako kukuwa kuja kunachepa. Anayamba kusewera ndi dzanja limodzi, lina akukanda m'mutu. Pomaliza anangosiya n'kunena kuti, "A Ndilipo, awa si masewera, iyi ndi ntchito yopanda holide." Achimwene anamva ngati akuwayamikira.

Ntchito yokaitana mwana inagwera ine, monga zimakhalira ndi azakhali. Ndinamupeza kuntchito kwake pa nthawi yopuma, atakhala pabenchi kuseri kwa sitolo.

"Anti, akonzanso chiyani?" anafunsa ndisanakhale n'komwe.

"Makina aja a kulesitilanti. Akuyaka."

"Aja a mkazi wa pa roketi?" Anaseka kuseka kumene ndinali nditakuiwala. "Makina ankhanza amene aja! Sanandimverepo chisoni ngakhale tsiku limodzi."

Ananena zimenezi ngati munthu amene wakumbukira mnzake wapamtima, kenako anati abwera Lamlungu masana. Ndinabwerera kushopu mtima uli m'mwamba, n'kuwauza achimwene mawu ake onse mmene anawanenera. Ndinawachonderera kuti achotse sipoko ija nthawi isanathe.

"Waona?" anatero, nkhope ili mwee. "Akuti sanamumvere chisoni. Pano amumvera."

Lamlungu lija anasesa shopu mpaka kuseri kwa zitini, n'kuvala jekete lomwe lija lokapepesera. Kadzira anafikadi. Anaima pakhomo chikwama chili paphewa.

"Mwaswera bwanji, adadi?"

"Ndaswera, mayi. Waonda."

"Inunso mwaonda."

Ataona chikwangwani chija anagwira pakamwa n'kuseka, makamaka ataona masaya anga. Anasisita galasi ndi dzanja. Kenako anaika chikwama pansi n'kukoka kachitsulo ka sipuling'i. Thupi lake linali lisanaiwale. Anawerama, kumakankha makinawo ndi chiuno, kumatsatira kampira ndi mutu wonse, belu la njinga likulira, nkhope yake ya pachikwangwani ikuwala n'kuthima. Achimwene anaima kumbuyo kwake misozi ikulengeza. Inenso ndinasangalala, sindinama, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti mwina wopusa ndine.

Kenako kampira kanatsika molunjika pakati penipeni, pamene timikono sitifika. Kadzira anakuwa kuti, "Mayo ine!" n'kuponda pansi mwamphamvu. Kampira kanagunda sipoko n'kunjanja kubwerera kumtunda. Iye anaseka, poganiza kuti ndi mwayi chabe. Patapita kanthawi zinachitikanso, ndipo ulendo uno sanaseke. Anawerama n'kuyang'anitsitsa pansi pa galasi. Kenako anachotsa manja ake pa mabatani n'kuwapinda pachifuwa. Kampira kanagunda uku, kanagunda uko, kanatsika pang'onopang'ono, n'kudzakhala phee pa sipoko paja, pakati pa timikono. Timababu tinapitiriza kuphethira.

"Adadi, kamagwera pati?" anafunsa Kadzira.

"Sikagwa, mayi. Ndakonza. Ukhoza kusewera mpaka mawa."

Kadzira anatembenukira kwa bambo ake. Akanakalipa zikanakhala bwino, chifukwa mkwiyo umatha. Koma analankhula mofatsa, ngati akulankhula ndi wodwala.

"Mwalimbikira, adadi. N'zokongola kwambiri."

Anatola chikwama chake n'kunena kuti mawa alawirira kuntchito. Achimwene anati amuperekeze kokwerera basi, iye anati njira akuidziwa. Pakhonde anandikumbatira mwamphamvu, ndipo phewa la bulauzi yanga linanyowa.

Ndinalowa m'shopu nditapsa mtima. Ndinatola pulayala patebulo n'kuwapanikiza nayo m'manja.

"Chotsani chimenecho pompano, ine ndimuthamangire asanakwere basi!"

Achimwene anayang'ana pulayala, anayang'ana kampira.

"Ndikachotsa kagwa."

"Kagwe! Ndi zimene akufuna!"

"Kakagwa ndiye kuti masewera ake atha," anatero motsitsa mawu, n'kuika pulayala ija patebulo.

Kadzira sanabwerenso. Ine ndimakamuona, ali bwino, amafunsa ngati bambo ake akudya. Makina aja ali pakona ya shopu mpaka lero, oyaka usana ndi usiku. Achimwene analumikizako batire ya galimoto kuti magetsi akathima asazime. M'mawa uliwonse amapukuta galasi mosamala, kuopa kugwedeza kampira kamene kakadali pa sipoko paja. Ntchito anayambiranso, mawailesi akulankhula, mafani akuzungulira. Koma kasitomala wachilendo akaona magetsi akuphethira n'kufunsa ngati angayeseko, achimwene amadzuka msanga n'kuima kutsogolo kwa makinawo.

"Pepani, pali munthu akusewera," amatero. "Wangotuluka pang'ono."