Matumba a Mchenga a Amalume

Mpando wa thirakitala ija unali wachitsulo, wokumbika ngati chiwaya, wa mabowo oti thukuta la woyendetsa lizipeza potulukira. Mbali imodzi unapindika ngati khutu la galu wodwala. Unakhala pakhonde pathu zaka zoposa makumi asanu. Nkhuku zinaikiramo mazira, adzukulu anga anausandutsa ng'oma, tsabola naye anayanikidwapo.

Chaka chatha kunabwera mnyamata wa ku Ulongwe, wa nsapato zosongoka, akutsogolera mzungu wa ku Joni wofiira khosi. Akuti akuyendayenda m'minda yakale ya Apwitikizi kufunafuna mathirakitala akufa. Mnyamatayo anandionetsa pafoni kuti kunja uko kuli anthu okhuta amene amasonkhana pa okushoni, ngati wa fodya uja, n'kumalimbirana thirakitala yokalamba, mtengo mpaka kupitirira wa galimoto yatsopano. Salimira ayi. Amaitsuka, amaipaka utoto, n'kuitsekera m'nyumba kuti anzawo azibwera kudzaiona. Ine ndakalamba chimodzimodzi, koma palibe anandifunsa mtengo.

Chigoba cha yathu anali atachipeza kale m'chigwembe, chitamera chisoso. Chinkasowa mpando, ndipo anthu anawalozera kwa ine. Ndinagulitsa, musandiyese woyera mtima. Malata ali pamwambawa ndi a ndalama zomwezo. Koma mzunguyo, akusisita popindika paja, anafunsa kudzera mwa mnyamata wake kuti panachitika zotani, poti chitsulo chokhala ndi nkhani yake chimagulidwa bwino.

"Muwauze kuti panakhala mkazi wanga woyamba," ndinatero.

Mnyamatayo anamasulira, mzungu n'kugwedeza mutu mwaulemu. Nkhani yeniyeni sindinawapatse.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kapena khumi, amayi sankasunga mapepala. Inali nyengo yokumba kachewere, mvula itangoleka, m'mawa mame akuluma zala ngati singano. Apwitikizi anali atatsala pang'ono kumanga katundu wawo, koma ifeyo sitinkadziwa, ngakhale iwo amene. Abambo anali kumigodi ku Joni, ndiye wotiyang'anira anali amalume, mlongo wa amayi. Ankayendetsa thirakitala ya mzungu wa munda waukulu wa kachewere cha ku Domwe, amene tonse tinkangomutchula kuti patarau.

Nkhondo inali itatipeza. Sitinkaiona, tinkangoimva. Anyamata a kutchire ankakwirira mabomba mumsewu wafumbi wopita ku Vila, kumene lero mukuti Ulongwe, kudikira magalimoto a asilikali. Koma msewu unali womwewo wa kachewere, ndipo kachewere ukamusunga m'thumba kudikira mtendere amaola. Patarau anapeza nzeru. Lolemba ndi Lachisanu lililonse thirakitala izitsogola ikukoka ngolo, iye azitsatira pa lole yake kumbuyo, patali ndithu, akupondetsa matayala momwe mwaponda amalume.

Ine ndinkaona ulemu wokhawokha. Amalume anga patsogolo, mzungu pambuyo akudya fumbi lawo. Ndinkadzitama nazo kusukulu mpaka tsiku lina aphunzitsi athu, aporofesoro, anandikoka khutu osandiuza chimene ndalakwa. Masiku a ulendowo amayi sankadya kufikira injini itamveka kutsidya madzulo. Ankati m'mimba mukuwapota. Gawo lawo ndinkadya ine, ndi mtima wonse.

Pathirakitalapo pankakhala matumba asanu ndi limodzi a mchenga, a chiguduli, osindikizidwa chilembo chofiira cha munda wa patarau. Awiri kunsi kwa mpando, awiri popondera phazi lamanja, awiri lamanzere. M'mawa asananyamuke amalume ankawagunda limodzilimodzi ndi chikhatho ngati akusankha maungu. Nditawafunsa ntchito yake anati, "Kuti thirakitala isauluke." Ndinakhulupirira. M'maso mwanga inkathamanga kwambiri.

Lachisanu lina ndinabisala m'ngolo pakati pa matumba a kachewere. Tisanafike pamlatho woyamba patarau anaona mutu wanga ukusuzumira, n'kuliza hutala. Amalume anatsika, anandikoka ndi mwendo, anandikwapula ndi lamba wa injini pamaso pa mzungu. Anali asanandimenyepo, ndipo sanadzandimenyenso. Ine n'kumati ndi ukali chabe.

"Ukadzayandikiranso chinthu ichi, usadzanditchenso malume."

Ndinabwerera wapansi, mikwingwirima ikuyaka kumsana, anzanga akundiyeserera kalilidwe.

Tsono kusukulu mpira unali wachikulunga, ndipo lamulo linali lakuti mwini mpira sakhala panja. Ine wamfupi, wa matewe, ntchito yanga inali kusunga malaya a anzanga. Chikulunga chabwino chimafuna chiguduli pamwamba, koma thumba silinkatoledwa wamba. Wopezeka nalo ankapita naye ku posito, ku boma la Apwitikizi, kukalandira mbalamatodya, thabwa lobowola lija lomenyera m'manja. Ndipo chaka chimenecho thumba likasowa ankati lapita ndi ufa kwa anyamata a kutchire. Zikatero woyankha mlandu sankakhala munthu mmodzi. Kumudzi wina wa kuseri kwa phiri anayankha ndi nyumba zawo zonse, zinasanduka phulusa.

Zimenezo ndinkazimva ngati za akuluakulu. Lamulungu masana, anthu ali ku Misa, ndinalowa m'shedi ya patarau podzera pa thabwa lozuka. Pathirakitala ndinakoka thumba limodzi la kumanzere, popeza ndilo linali pafupi, ndinakhuthulira mchenga m'ngalande, n'kulipinda m'kabudula. Munkanunkha dizilo ndi ndowe za makoswe. Ndinganame kuti ndinkangofuna mpira, koma pa msinkhu uno ndinamize yani? Ndinkafunanso kubwezera lamba uja.

Lolemba m'mawa ndinabisala kuseri kwa nkhokwe kuti ndione nkhope yawo. Anagunda loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu. Dzanja linatsala m'mwamba. Anayang'ana ngolo yodzaza, anayang'ana patarau amene anali atayamba kale kuliza hutala, kenako anayang'ana cha kunyumba kwathu, nthawi yaitali. Anakankhira thumba lotsalalo pakati ndi phazi, anakwera, analiza injini. Za thumba losowalo sanamuuze patarau.

Tsiku limenelo anabwera bwinobwino. Lachisanu anabweranso. Ine sabata yonseyo ndinali bwana pabwalo, kusankha osewera, kutulutsa amene ankandiseka. Sindinakondwepo chotero, ngakhale pa ukwati wanga woyamba.

Lolemba lachiwiri tili m'kalasi kunamveka mkokomo umodzi, wolemera, wodzera pansi. Fumbi la udzu wa padenga linatigwera m'makope. Choko chinathyoka m'manja mwa aporofesoro. Anayang'ana ine, kenako bolodi.

"Pitirizani kuwerenga."

Thirakitala inagubudukira m'chigwembe. Kachewere anamwazika msewu wonse, anthu anatola pambuyo pake, ndipo ifenso tinadya nawo, ndisabise. Mpando unapezeka m'munda wa nyemba, amayi anautola okha n'kubwera nawo pamutu. Patarau ananyamula amalume pa lole yake mpaka kuchipatala ku Vila, pa chimenecho ndimamuyamikira. Sabata yotsatira patsogolo pa lole panali ngolo ya ng'ombe ndi munthu wina.

Mwendo wamanzere anaudula pamwamba pa bondo. Wamanja unatsala, wodzaza tizitsulo timene tinkatuluka tokha pachilimwe.

Nditakula ndinafunsa anthu awiri amene anamenyapo nkhondo. Woyamba anati bomba la mumsewu limanyamula lole yonse, thumba limodzi silikanasintha kanthu. Wachiwiri anati iye anaonapo munthu atapulumuka phazi chifukwa cha thumba limodzi lomwelo. Onse awiri ndinawagulira mowa. Woyambayo ndinamugulira kawiri, koma amene ndimamukumbukira mawu ake onse ndi wachiwiri.

Amalume anatuluka m'chipatala mphepo yachisanu itayamba. Anali ataonda, khutu limodzi litagontha, akununkha mankhwala. Tsiku lonse ankakhala pamphasa padzuwa, anthu obwera kudzazonda akuwauza kuti athokoze Mulungu. Amayi ankawatsuka chilonda ndi madzi amchere, ine ndikugwira beseni, nkhope nditayang'ana kumbali. Mpira wanga sindinautaye. Bwanji ndiutaye? Palibe anandifunsa kanthu.

Madzulo ena ndikudutsa ndi mpirawo m'khwapa, amalume anandiitana.

"Iwe, tabwera nacho kuno."

Ndinawapatsa. Chikulungacho chinali chitayamba kumasuka, ndipo theka la chilembo chofiira linkaoneka poyera pakati pa zingwe. Anachitembenuza uku ndi uku. Chala chawo chachikulu chinaima pofiira paja. Amayi anali potero akupeta nyemba.

"Anakuphunzitsa kumanga ndani? Katenge luzi."

Ndinathamangira luzi. Anadula zingwe zanga ndi mano, anafunyulula chiguduli chonse, anachiyala pabondo lawo lotsalalo, n'kuchitembenuza kuti kofiira kukhale mkati. Anakulunganso zisanza zija mothina, analuka luzi ngati ukonde, mfundo iliyonse akuikoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Zinawatengera nthawi, dzuwa mpaka kufika pamsonga pa bulugamu. Atamaliza anaudunditsa pansi, unadumpha mpaka m'chifuwa mwanga.

"Pita. Koma usamasewerere cha kumunda kwa patarau, kuli minga."

Unali mpira wabwino kuposa wina uliwonse kuchokera kwathu mpaka ku Domwe, ndipo unakhala nyengo ziwiri osamasuka. Ndinathamangira nawo kubwalo ndikuseka mumtima kuti amalume ataya mwendo, ataya ndi maso omwe. Kumunda kwa patarau ndinkakudziwa bwino, kunalibe minga, ndiye ndinati mutu wawonso bomba laugwedeza. Za kutembenuza chiguduli zija, ndinayesa kuti mbali inayo ndiyo yosalala.