Linga la pa Kalendala

Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Mwanza boma, ndipo pakhoma kumbuyo kwa makina anga pali kalendala imene chaka chake chinatha kalekale. Amene anandipatsa ndi dalaivala wina wa thiraki nditamuikira zipi pa jekete. Masiku ake sindinawawerengepo. Chimene chinandigwira mtima ndi chithunzi: linga lalikulu lamiyala m'mphepete mwa nyanja yamchere, mizinga itasuzumira pamwamba, pambali pake kachithunzi kena ka nyumba yachifumu yofiira, mazenera ali ndandanda. Pansi analembapo kuti Ilha de Moçambique.

Ndinaliyang'ana lingalo zaka zitatu phazi lili pa makina. Tsiku lina ndinauza amuna anga kuti, "Bambo, ine ndikufuna ndikaone malo awa."

"Kuli ndani kumeneko?"

"Kulibe aliyense. N'chifukwa chake ndikufuna kupitako."

Anandiyang'ana ngati malungo andilowa m'mutu. Sindikuwaimba mlandu. Kwathu kuno munthu sakwera galimoto popanda chifukwa. Umapita kumaliro, kuukwati, kukazonda matenda, kapena kukaoda katundu ku Limbe. Chikwatirane, maulendo onse amene tinayenda awiri anali a maliro okhaokha. Ine ndinkafuna ulendo umodzi wokha woti ndikafike, ndione, ndinene kuti "eee!" basi ndibwerere, popanda munthu wondilandira chikwama akulira.

Amuna anga amakonza njinga. Anabadwira kutsidya kwa malire, anabwera kuno ali kumsana kwa mayi awo nthawi ya nkhondo, n'kukulira ku Thambani. Chipwitikizi chawo chimathera pa moni ndi mawu awiri otukwanira njinga yovuta. Komabe nditawanong'oneza kuti dzikolo ndi lawo, ndipo n'zamanyazi kuti alione pa kalendala pokha, anavomera.

Ulendowo ndinaukonza mmene ndimadulira suti. Dalaivala uja atabweranso ndinamukhazika pa benchi, iye akunena, ine ndikujambula njira ndi choko pa tebulo. Anandichenjeza kuti Mozambique wa pa kalendala si uyu wa kuseri kwa chipata chathu cha Mwanza ayi, ali mbali ina, kotulukira dzuwa. Kuchoka pano upite ku Blantyre, udutse Mulanje, utulukire ku Muloza, kenako Mocuba, Nampula, mapeto ake mlatho wautali wolowera pachilumbapo. Ndinagawa masiku asanu ndi limodzi: awiri kupita, awiri kuona, awiri kubwera. Tsiku loyamba linga, lachiwiri nyumba yachifumu, madzulo ake nsomba za m'nyanja yamchere kuti ndidzathe kuuza anthu. Mapasipoti tinakatenga. Ndinadzisokera diresi, abambo ndinawasokera malaya a nsalu yomweyo, kuti akasochera ndikawapeze msanga.

Lamulo ndinaika limodzi lokha. "Musauze munthu."

"Amayi okha ndiye ndikawatsanzike," anatero.

Pamenepo ndikanakana bwanji? Munthu sadutsa malire osatsanzika amene anamubereka. Anapita ku Thambani Lamulungu. Lolemba m'mawa, ndisanavundukule n'komwe makina, wakabaza anatsitsa thumba la nandolo pakhonde langa.

"Akuti mukasiye pa Zobue, kwa achimwene awo."

"Akuti ndani?"

"Aneba a apongozi anu."

Ku Thambani kuli mabanja ambiri amene anabwera nthawi ya nkhondo, ndipo aliyense ali ndi m'bale kutsidyako. Atamva kuti atelala akupita ku Mozambique, sanafunse kuti Mozambique wake uti. Pofika Lachitatu pansi pa tebulo langa panali manachesi a azakhali a munthu wina m'njira ya ku Moatize, sopo, nsapato za mwana, makalata anayi, ndi wailesi yakufa yoti akaikonze msuweni wodziwa mawaya ku Tete. Panalinso tambala wamoyo, womangidwa miyendo, amene ankandiyang'ana ngati ndine ndamulakwira.

Aliyense ndinkamuonetsa choko pa tebulo. "Taonani, mayi. Zobue ali uku. Ife tikupita uku. N'zotembenukirana misana."

"Ee, ndamva. Ndiye mukangotsika pang'ono, mukasiye, mupitirire."

Ndinapsa mtima kwabasi. Ndinakalipira abambo mpaka anakonza njinga imodzi kawiri pofuna kuchedwa kubwera kunyumba. Ndinalumbira kuti Loweruka tikukwera ya Blantyre, ndipo katundu yense abwerera kwa eni ake, tambala akhale patsogolo.

Lachinayi kunabwera apongozi anga eni ake. Ndi mayi wonenepa, wa liwu lalikulu, amene sanayamikepo chovala chilichonse chimene ndinawasokera, koma savala cha telala wina. Anakhala pa benchi, anasuntha tambala ndi phazi, n'kutulutsa nsalu yatsopano ya maluwa achikasu.

"Mpongozi, mundisokere diresi. Si langa ayi. Mukapatse mng'ono wanga."

Za mng'ono ameneyu ndinkazidziwa pang'ono. Pothawa nkhondo anasiyana panjira, wina analowera kuno, wina anabwerera kumudzi kwawo kufupi ndi Moatize. Mauthenga ankadutsa kudzera mwa anthu, mawu ankamvana pafoni kamodzikamodzi, koma maso ndi maso ayi. Anzawo atabwerera kwawo nkhondo itatha, apongozi anakana. Ankati njira imene anaiyenda akuthawa saifunanso.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe ulaliki wanga wa choko uja, koma ntchito inanditsogolera. "Miyeso yake muli nayo?"

"Miyeso ya chiyani? Ndikumudziwa ine. Ndi wamtali ngati ine, koma chiuno chake ndi chonchi."

Anakweza manja n'kupanga kachiuno kakang'ono, koti ndikanakazunguliza ndi theka la tepi yanga.

"Amayi, chimenecho n'chiuno cha mtsikana."

"Ndiye ndi mtsikana kumene. Wowonda ngati bango. Mukapanga lalikulu amira."

Sankaseka. Manja anali akadali m'mwamba, atagwira chiuno cha munthu amene anamuona komaliza amuna anga ali khanda. Ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere, mpaka ndinayamba kufunafuna sizasi imene inali m'manja mwanga momwe.

Ine pa ntchito yanga ndili ndi khalidwe limodzi limene anthu amadana nalo: sindidula nsalu ya munthu amene sindinamuyeze. Kaya wina abwere ndi chingwe chomangamanga mfundo, kaya anene kuti "ali ngati ine," ndimakana. Ndinawauza apongozi zomwezo.

"Ndiye mukamuyeze," anatero. "Si mukupita komweko?"

Ndinayang'ana kalendala. Ndinayang'ana choko pa tebulo. Kunena zoona ndinkafuna kulira ndi ukali, chifukwa ulendo umenewu unali wanga, woyamba, ndipo ndinali nditausoka kale mbali zonse.

"Chabwino," ndinatero. "Koma inunso mukukwera. Ine sindingakayeze munthu amene sindikumudziwa nkhope. Ndingakayeze wolakwika."

Anakana. Anati miyendo, anati nkhuku zawo adyetsa ndani, anati alibe mapepala. Abambo anathamangira za chiphaso chodutsira pachipata, mlamu wanga analonjeza za nkhuku, ine ndinapinda nsalu ija n'kunena kuti ikhala yosadula mpaka kalekale. Loweruka m'mawa anatulukira atavala nsapato zawo za kutchalitchi.

Pa Mwanza, maminibasi a ku Blantyre amaima mbali ina ya msewu, magalimoto opita kuchipata mbali inayo. Ine ndi abambo, titavala nsalu yofanana ija, tinaima kaye mbali ya Blantyre, chifukwa miyendo yanga inapita yokha. Kondakitala anali atagwira kale chikwama changa. Ndinachilanda, ndinanyamula tambala, tinawoloka msewu.

Nandolo tinasiya pa Zobue. Manachesi anafika, makalata anafika. Masana tinatsika pamphambano ina tisanafike ku Moatize, n'kuyenda wapansi kanthawi. Apongozi anali patsogolo, akufunsira njira ya kwa mng'ono wawo.

Pakhomo pamene anatilozera panatuluka mayi wa imvi, wonenepa, akupukuta manja pachitenje. Apongozi anamupatsa moni waulemu, n'kufunsa ngati mwini nyumba alipo. Mayiyo anawayang'ana, anawayang'ananso, kenako anafuula ndi liwu lalikulu lomwe lija ndimalimva ku Thambani, "Achemwali!"

Kulira kumene ndinkathawa kunandipeza, ndipo chikwama anandilandira akulira ndithu. Ineyo ndinaliranso, tambala ali m'khwapa.

Mawa lake tinapitiriza ku Tete kukasiya wailesi, ndipo abambo, pofuna kundipepesa, anafunsira mpaka anandipezera linga lakale kufupi ndi mtsinje wa Zambezi. Linali laling'ono, dzuwa likuswa mtengo, nyumba yachifumu panalibe. Ndinati "eee" wanga mwaulemu, tinabwerera. Kalendala ija ikadali pakhoma, ndipo amene angaichotse adzandiona. Ulendo wotsatira ndidzatsanzika nditafika kale ku Nampula.

Koma tisanachoke kumudzi kuja ndinatulutsa tepi. Ndinamuimika mayi uja pansi pa mtengo, ndinamuyeza mapewa, chifuwa, chiuno, apongozi ataima pambali ngati kapitawo. Nditawerenga nambala ya m'chiuno ndinaseka, chifukwa ndimaidziwa pamtima. Ndakhala ndikuidula zaka zonsezi.

"Amayi, chiuno ichi n'chanu chomwe. Sipakusiyana ngakhale inchi."

"Tepi yanuyo yanama," anatero apongozi.

Anandikankha, n'kumugwira mng'ono wawo m'chiuno kuti adziyezere okha ndi manja. Manjawo sanakumane kumbuyo. Anangokhala choncho atamukumbatira, osamusiya, ine nditaima ndi tepi yanga kudikira kuti ndiyeze kutalika.