Huriana ndi Dzuwa la Eruera

Huriana, msuweni wanga, amayendetsa basi ya ana a sukulu kuno ku Ruatoria, ndipo ndi munthu wosadziwa kudikira. Mwana akachedwa kutuluka m'nyumba, amaliza hutala mpaka agalu a m'mafamu onse kuyamba kuuwa. Ndiye ine ndimati Mulungu anachita dala kumupatsa ntchito yodikira dzuwa.

Ntchitoyo inachokera kwa mlongo wake, Eruera, amene anapita ku Australia kukagwira ntchito m'migodi tonse tili achinyamata. Chaka chatha anagonekedwa m'chipatala ku Perth, mapapo atatheratu, ndipo madokotala anamuuza kuti zokwera ndege aiwale. Sanapemphe zambiri. Anangoti akufuna kuonanso dzuwa likutuluka pamwamba pa phiri lathu, lofiira lija likamangosuzumira kuchokera m'nyanja, osati la pakalendala ayi, koma lojambulidwa ndi mlongo wake Huriana. Huriana anagula kamera yakale kwa mphunzitsi wina, n'kuyamba kuyeserera pa nkhosa ndi pa ine.

Vuto n'lakuti phiri lathu munthu sukwera ngati ukupita kugolosale. Njira imadutsa pafamu ya mtundu wathu, ndipo kiyi wa pageti amasunga amalume a Rutene. Salola munthu kukwera iwo palibe, ndipo dzuwa likamatuluka amapemphera m'chinenero cha makolo, aliyense atavula chipewa, mutu pansi, m'manja mopanda kanthu. Mwambowo palibe amautsutsa. Kungoti amalumewo amayambira pa makolo amene anabwera pa bwato loyamba, n'kumawatchula mmodzimmodzi mpaka kufika pa ife. Akamamaliza, dzuwa limakhala litayera kale ngati mbale ya m'khitchini.

Ulendo woyamba tinakwera pachabe. Tinapeza chifunga chokhachokha, n'kudya mikate yathu yokazinga tikunjenjemera. Wachiwiri kunacha bwino zedi, koma Huriana anaima manja ali m'mbali, akukukuta mano, kufiira konse kukutha iye akuyang'ana nsapato zake. Potsika anawapempha amalume kuti ulendo wina adzafupikitseko. Anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"Ndidumphe ndani, mwana iwe? Agogo ako? Tanena wekha amene ndimusiye."

"Amalume, akufawo sakupita kulikonse. Amene akupita ndi Eruera."

Kenako inabwera mvula yosakata, msewu wa kufamu unagumuka, ndipo mkazi wa Eruera anaimba foni kuti mwamuna wake tsopano akupumira m'makina. Huriana anayamba kukalipira ana m'basi pa zinthu zopanda pake, makolo n'kumadandaula. Ine onse awiri ankandikwana, nkhalamba yomva zake zokha ndi mzimayi womva zake zokha. Nditanena kuti tingotenga chithunzi cha pa intaneti, Eruera sangadziwe, Huriana anatsala pang'ono kundigenda ndi kapu.

Msewu utakonzedwa tinakweranso. Kunkazizira koluma zala, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Nyanja itangoyamba kufiira, amalume anavula chipewa n'kuyamba. Ndinaona ndi ngodya ya diso Huriana akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mpaka kubisala kuseri kwa mwala, dzanja lili mujekete. Ankaganiza kuti mphepo imubisa. Koma mphepo inali itadeka, ndipo kamera ija inalira aliyense akumva, inaliranso, inaliranso. Ine ndinachita manyazi ngati ndine ndalakwa.

Amalume sanasiye. Anapitiriza, ndipo tsiku limenelo anatalikitsa kuposa masiku onse. Ndinamva dzina la Eruera kangapo, koma ine chinenero cha makolo ndimangodziwa cha moni ndi cha pamaliro. Amene anachiphunzira bwinobwino ndi Huriana, ndipo iye anali kuseri kwa mwala, diso lili pakagalasi. Potsika amalume sanamulankhulitse. Anakhoma geti n'kukwera galimoto yawo.

Chithunzicho chinatuluka bwino, zimenezo sindinganame. Huriana anachitumiza, ndipo madzulo Eruera anaimba, ine ndili pomwepo. Ankalankhula mawu awiri n'kupuma, awiri n'kupuma. Anathokoza, anati ndi lomwelo dzuwa lija, ndipo anamwino onse aliona. Huriana anamwetulira koyamba pa miyezi yambiri.

"Chemwali," anatero Eruera, "amalume anandilonjeza kuti andipempherera pamwambapo. Anati chiyani? Undiuze mawu ake enieni."

Huriana anandiyang'ana. Ine ndinangopukusa mutu. Huriana anauza Eruera kuti foni ikudukaduka, amuimbiranso mawa, ngakhale tonse tinkadziwa kuti za mawa kwa Eruera sizinalinso zodalirika.

Tinapita kwa amalume nthawi yomweyo. Tinawapeza pakhonde akusenda mbatata. Huriana, amene sindinamuonepo akupepesa munthu, anagwada pa masitepe n'kufotokoza zonse, kenako anawapempha kuti amuuze zimene ananena zija kuti akauze mlongo wake. Amalume anamumvetsera mpaka kumaliza, mpeni uli m'manja.

"Pemphero si nyimbo ya pawailesi yoti ndiibwereze," anatero. "Ndinanena kamodzi, pamalo pake. Iwe unalipo, sichoncho?"