Udzu wa a Bang

A Bang Deok-chil anakalamba akutchetcha udzu pabwalo lathu la ndege, koma m'ndege anali asanapondemo. Ine wokolopa m'chipinda chodikirira ndinkawaseka nazo, iwo n'kumangoti, "Kumwambako kuli udzu woti ndikatchetche?"

Bwaloli ndi la asilikali, anthu wamba amangotibwereka pakona. Ndege za anthu zimatera m'mawa ndi madzulo basi, ya ku Seoul ndi ya ku Jeju, moti masana onse ndimakolopa pomwe sipanapondedwe. Zotsalazo ndi zankhondo, ndi zatsopano za kufakitale ya kuseri kwa mpanda zomwe amaziyesera pamitu pathu. Wobadwira kuno amadziwa kudula mawu pakati ndege ikabangula, kudikira kukamwa kuli yasa, n'kupitiriza pomwe analekezera. Ngakhale okangana amadikirana. A Bang okha ndiwo ankachita zosiyana. Mawu ofunika ankawayamba phokoso likayamba, dala, kuti asamveke.

Mawuwo anali opita kwa mayi Yeom Mal-sun, amasiye, ogulitsa mpunga ndi msuzi wa nkhono pakhomo la chipinda chathu. A Bang, nawonso ofedwa, ankadya pamenepo tsiku ndi tsiku ngakhale nkhonozo zinkawatulutsa zidzolo m'khosi monse. Ndege ikabangula ndinkaona milomo yawo ikugwedezeka, maso ali m'mbale. Kukati zii, mayi Yeom ankafunsa, "Mumati bwanji, a Bang?"

"Ndimati kimuchi lero wakoma."

Zaka zinapita choncho, munthu wamkulu akuyamikira kimuchi, ndiwo ya masamba owawasa, uku akukanda khosi. Zinkandipsetsa mtima.

Kenako mwana wa mayi Yeom, wokhala ku Seoul, anati amayi ake akalamba, atseke kalesitilanti kawoko azikakhala naye. Mayiwo anati apita kaye akaone nyumbayo, akabwerako adzalongedza. A Bang atamva anasiya supuni m'mbale. Tsiku la ulendo anabwera ali ndi chipewa m'manja.

"Pobwera mukakhale kuwindo lakumanzere, mayi."

"Kumanzere kuli chiyani?"

"Nyanja."

"A Bang, kodi inu simudziwa kuti m'ndegemo..." Ndege yankhondo inabangula, mayi Yeom anadikira monga timachitira tonse. Pomwe phokoso limatha, a Bang anali atafika kale pathirakitala yawo.

Chomwe mayi Yeom amafuna kuwauza chimadziwika ndi aliyense amene anakwerapo ndege kuno. Potera ndi ponyamuka amalamula kutseka mawindo onse, kuti wina asaone kapena kujambula zinthu za asilikali. A Bang akanadziwira kuti? Iwo anapita kumathero a msewu wa ndege, komwe ya ku Seoul imatsikira, n'kuyamba kutchetcha mozungulira, kusiya udzu wina kuti ukule. Mvula inawathandiza. Posakhalitsa panatuluka zilembo zobiriwira, chilichonse kutalika ngati basi: MUSAPITE.

Woyamba kuwerenga anali woyendetsa ndege wa kufakitale. Ndege yake yatsopano anali ataichitira mwambo wonse, mutu wa nkhumba ndi mowa wothira pamatayala, kupempha mwayi. Atangoti dzuku m'mwamba n'kuona pansi pakumuuza kuti asapite, anazungulira kamodzi n'kutera, thukuta lili kamukamu, akuti injini ikulira mwachilendo. Amisiri anaimasula injiniyo mpaka kabawuti komaliza. Anyamata a ndege zankhondo iwo anangoitenga ngati moni, wina akamapita kuchimbudzi anzake ankati, "Musapite, bwana." Mbalame nazo zinapeza pogona m'zilembomo, ndipo othamangitsa mbalame anakadandaula.

Madzulo omwe mayi Yeom amabwera, a Bang anaima pambali pa zilembo zawo atavala malaya ositidwa, n'kukupiza chipewa kwa ndege ya mawindo otseka kuyambira kutsogolo mpaka kumchira. Ali mkati mokupiza, kumbuyo kwawo kunaima galimoto ya asilikali.

Sajeni Pyo, munthu wamfupi wokonda ntchito yake mopitirira, anawabweretsa m'chipinda changa chodikirira chifukwa ofesi yawo inali kupakidwa penti. Anandipondera pokolopa onse awiri. Mayi Yeom anali atafika kale, akumasula mtolo wa makatoni olongedzera mbale.

"Madala, uthenga uja ndi wa ndani?" anafunsa sajeniyo. "Amene amawerenga zinthu kuchokera kumwamba timawadziwa. Mukutumizira adani?"

A Bang anayang'ana makatoni aja, n'kuyang'ana pansi. "Mwina," anatero.

"Mukuvomera kuti ndinu kazitape?"

"Kundende amapatsa msuzi wa nkhono?"

"Ayi."

"Ndiye palibe vuto."

Apa m'pomwe ine chikolopa ndinachiponya. Munthu kulolera ukazitape kuopa liwu limodzi. "Kazitape wa chiyani, a sajeni? Bambo awa satha n'kutsegula foni yomwe. Uthengawo ndi wa mayi awo akupinda makatoniwo. Bwalo lonse lawerenga, mbalame zawerenga, mwini wake yekha ndiye sanaone."

Sajeni Pyo anakhosomola, n'kulamula kuti udzuwo ugwe dzuwa lisanalowe. Mayi Yeom anapempha kuti akauone kaye. Anawakaniza, akuti kumeneko munthu wamba safikako, ndipo kujambula n'koletsedwa. Ndinawamvera chisoni a Bang. Ntchito yabwino koposa ya moyo wawo inali kukathera m'mimba mwa thirakitala.

Mayi Yeom anayandikira ali ndi katoni m'manja. "Ine sindinaone kanthu, a Bang. Munalemba chiyani?"

Panja ndege yankhondo inayamba kulira, ndipo nkhope ya a Bang inawala. Anatsegula pakamwa kuti alowetse mawu awo m'phokosomo monga mwa masiku onse, koma mayi Yeom anakweza dzanja. Anadikira. Sajeni anadikira, ine ndinadikira, ngakhale apaulendo awiri omwe ankafunafuna takisi anaima. Phokoso linapita kunyanja mpaka kuzimiririka, m'chipindamo n'kungotsala kulira kwa firiji.

A Bang anapotokola chipewa chawo ngati akufinya chikolopa. Mawu anatuluka aang'ono, osasa.

"Musapite."

Mayi Yeom anatenga makatoni onse n'kuwasanjika m'manja mwa a Bang.

"Awa mukatutire udzu wanuwo," anatero. "Ndipo kuyambira mawa muzidya msuzi wa kabichi. Zidzolo zanuzo ndatopa nako kuziona."