Dzina Lomaliza m'Nyimbo ya a Filomena

A Filomena amakhala ku Ntengo-Wambalame, ku Mozambique, kumtunda kumene kumazizira ngakhale nthawi ya dzinja. Amalima kachewere ndi nyemba. Ndiwo amatsogolera nyimbo pa chintali, gule wa amayi a m'mudzi mwawo. Mawu awo si okoma kwenikweni, koma amafika patali.

Anali ndi mlongo wawo mmodzi, Chawezi. Ku ubatizo anamutcha Vasco, dzina limene pamudzi silinagwire. Mu 1984 anamutengera ku tropa, ku usilikali wa boma, asanakwatire n'komwe. Patapita zaka ziwiri nkhondo inalowa m'mudzi, banja lonse n'kuthawira ku Ntcheu, ku Malawi. Za imfa ya Chawezi a Filomena anazimvera komweko pachigayo, kwa munthu amene anali naye limodzi ku usilikali. Anati Chawezi anagwa pamsewu wa ku Tete akuperekeza magalimoto. Kumene anaikidwa sanakudziwe.

Atabwerera mu 1993, a Filomena anayenda m'maofesi kufunsa za Chawezi. Anadzazindikira mochedwa kuti m'mabuku munalembedwa Vasco, ndipo a Vasco analimo ambirimbiri. Anatopa nazo. Atapempha kuti abale amange chiliza, akuluakulu anakana. Anati chiliza sichimangidwa padothi lopanda munthu.

Chinawatsalira ndi tsiku la 3 Fevereiro. Pa tsikuli mu 1969 mtsogoleri woyamba wa nkhondo ya ufulu anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam, ndipo dziko litalandira ufulu, tsikuli linakhala lokumbukira ngwazi zonse zimene zinafera Mozambique. Ku posito, pa ofesi ya boma ya m'derali, amakweza mbendera, amaimba nyimbo ya fuko, ashefi, mkulu wa ofesiyo, n'kuika nkhata ya maluwa pachipilala chopakidwa laimu. Kenako zolankhula, kenako magule.

A Filomena anapitako zaka makumi atatu osaphonya. Chaka chilichonse ankamva za ngwazi, koma dzina la munthu wa kuno sanalimvepo. Chonsecho pamaliro kwathu kuno munthu amaimirira n'kunena amene wagonayo, kuti ndi mwana wa yani. Chawezi zimenezi zinamuphonya. Ndiye a Gilberto, mnzake wa Chawezi wa ku ubusa, atamwalira, a Filomena anaona kuti odziwa nkhope ya mlongo wawo atsala okha. Iwo akadzapita, dzinalo lidzapita nawo.

Anapita kwa a Edgar, amene amalemba pulogalama ya mwambowo. A Edgar anawalandira bwino, koma anati ndondomeko imabwera yolembedwa kale ndipo sangawonjezemo dzina la munthu. Chimene akanatha n'kupatsa chintali mphindi khumi zolankhula zikatha.

“Nanga mawu a nyimbo amaona ndani?” anafunsa a Filomena.

“Palibe, amayi. Bola musatukwane boma.”

“Ine ndi kachewere wanga, boma ndilitukwanirenji?”

Pokonzekera kuseri kwa tchalitchi, a Filomena anawauza amayiwo zimene ankafuna. Zinapezeka kuti pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi wake amene sanabwerere. Mayina anakwana khumi. Kenako Dércia, mayi wa ana atatu amene amavina kumapeto kwa mzere, anafunsa motsitsa mawu ngati bambo ake, a Felizardo, angalowe nawo. Onse ankadziwa kuti a Felizardo anafera mbali inayo, ya kutchire, imene inkamenyana ndi boma.

A Mercy, mmodzi wa amayiwo, anati tsikuli ndi la asilikali a boma, ndipo ashefi akamva dzina limenelo adzaletsa ng'oma pomwepo. A Filomena anayankha kuti a Felizardo anawagwira kumunda khasu lili m'manja, Chawezi anamugwira pamsika thumba lili pamutu, ndipo palibe amene anafunsidwa kumene akufuna kupita. Nyimbo idzangotchula munthu ndi amake, osanena mbali.

“Ndiye yambani ndi alongo anu,” anatero a Mercy. “Ng'oma zikaima, lanu likhale litatuluka kale.”

A Filomena anakana. Akanayamba ndi lawo, ng'oma n'kudzaimira pa la eni ake, amayiwo akanati anawagwiritsa ntchito ngati makwerero. Anaika a Felizardo pakati, Chawezi kumapeto.

Tsikulo linadza ndi mvula yamawawa. Laimu wa pachipilala ankayenderera pansi. Zolankhula zinatalika monga mwa nthawi zonse, ana a sukulu akunjenjemera pamzere. Chintali chitaitanidwa, amayi khumi ndi asanu ndi atatu analowa m'bwalo atavala zitenje zofanana. A Filomena ankatchula dzina ndi mayi wake wa munthuyo, gulu n'kuyankha kuti sanabwere, sanabwere, khasu lake lili pakhomo.

Anthu anayamba kusendera pafupi. Wina akamva dzina la kwawo ankagwira pakamwa. Pa dzina lachisanu ndi chimodzi, la a Felizardo, a Lázaro anadzutsa mutu. Awa ndi msilikali wakale amene amakhala kutsogolo atavala mendulo zawo. Ananong'oneza a Edgar. A Edgar anayang'ana wotchi, n'kupita kwa oimba ng'oma kukawauza kuti nthawi yatha.

Oimba ng'oma a chintali samvera wa pambali. Amayang'ana dzanja la wotsogolera nyimbo, ndipo dzanja la a Filomena linali lidakali pansi. A Filomena anadumpha moyankhira monse, n'kuthamangitsa mayina otsalawo motsatizana, mpweya ukuwathera. Atafika kumapeto anaima chilili pakati pa bwalo.

“Chawezi mwana wa Nangozo, mlongo wanga ine!”

Amayi anayankha. A Filomena analibwereza kachiwiri, kenako anakweza dzanja, ng'oma n'kuti zii. Ashefi anawomba m'manja monga amachitira pa gule aliyense.

Pobalalika, a Lázaro anawatsekera njira ndi ndodo yawo.

“Amayi, Felizardo uja sanali wathu.”

“Anali wa amake, bambo.”

A Lázaro anachotsa ndodoyo. A Edgar nawo anabwera kudzanena kuti chaka chamawa mayinawo adzayambe afika ku ofesi papepala. A Filomena anati iwo salemba. Wofuna mayina abwere kuseri kwa tchalitchi Lachitatu masana.

Pepalalo silinalembedwe mpaka lero, koma nyimbo ikuimbidwabe. Imamveka pa zikwati, imamveka amayi akamapalira nyemba. Mayina tsopano akwana khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo la Chawezi likadali lomaliza. Chifuwa chikawavuta a Filomena, amatsogolera ndi Dércia, amene anabadwa Chawezi atapita kale ku tropa. Samalakwitsa dzina ngakhale limodzi.